Katundu wa Eni pa Mpando Wanga

Ulendo wa ku Abu Dhabi unayamba kukambidwa m'nyumba mwathu nthawi yotentha, miyezi ija imene ukatsegula chitseko cha panja mpweya umakumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Sukulu zinali zitatsekedwa, panja posayendeka, ndiye ntchito ya ana inali kulimbirana rimoti ndi kundifunsa mafunso opanda mutu. Tsiku lina mdzukulu wanga wamkulu, mtsikana wochenjera pakamwa, anabwera ndi foni ya amayi ake n'kundionetsa anthu atamangidwa malamba m'kasitima kopanda denga. Kasitimako kanakwera pang'onopang'ono mpaka m'mwamba, kenaka kanagwa chamutu, anthu onse kukamwa yasa.

"Agogo, mungakwere?"

"Alakwa chiyani anthuwa?"

"Sanalakwe! Afuna okha."

"Ndiye kuti kwawo kulibe mavuto."

Anaseka mpaka kugwa pakapeti, n'kuthamangira kukhitchini kukanena zimene ndayankha. Madzulo omwewo tikudya, amayi ake analengeza kuti pa tchuthi cha Disembala, kunja kukazizira, tipita ku paki ya masewera ya ku Abu Dhabi, kumene kuli kasitimako ndi zina zambiri zozunguza mutu. Anati tipita tonse, ndipo ponena mawu akuti tonse anayang'ana ine.

Ine ku Doha ndinabwera nditakalamba kale. Mwana wanga wamkazi, mayi wa adzukuluwa, ndi namwino, ndipo mwamuna wake amagwira ntchito ya zamagetsi pa kontilakiti. Mkazi wanga atamwalira, mwanayu anakana zoti ndizikhala ndekha kumudzi, n'kundikonzera mapepala. Timakhala ku Al Nasr, m'fulati ya pamwamba pa sitolo ya zipatso. Adzukulu alipo atatu: mtsikana uja, mlongo wake wamng'ono, mnyamata amene sadziwa kukhala pansi, ndi khanda limene nthawi imeneyo linali litangoyamba kuimirira chogwira mipando.

Zoti tipite pagalimoto anayambitsa ndi mkamwini wanga. Munthuyu ndi wofatsa, salankhula chinthu kawiri, koma galimoto yake amaikonda ngati mwana wachinayi. Anati ndege si ulendo, ndi chipinda chodikiriramo chimene chimauluka. Ana ayenera kuona msewu, ngamila ndi mchenga wosatha, kuti adzadziwe dziko limene anakuliramo. Chovuta n'chakuti pochoka ku Qatar pamsewu umayamba waponda dziko la Saudi, n'kuyenda m'mphepete mwake, kenaka n'kulowa ku Emirates. Ndiye miyezi yotsatira nyumba inadzaza ndi nkhani za maviza, inshuwalansi ya galimoto, kubukitsa hotelo, ndi kusinthana mashifiti kuchipatala. Mkamwini ankakhala pakompyuta atagwira chibwano, ngati munthu amene akuombeza.

Gawo langa linali mapu. Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ndevu zili mbuu, ndipo mpaka lero ndimawerenga ndi chala ndi milomo. Mapu a pafoni sindigwirizana nawo, ukawakhudza amathawa. Mdzukulu wanga anandisindikizira papepala, ine n'kumawayala patebulo n'kumatchula maina a malo mokweza: Abu Samra, Salwa, Sila. Mnyamata uja ankandikonza katchulidwe. Ine ndinkamuuza kuti ndinayendapo misewu imene ilibe ndi dzina lomwe, ndipo sindinasochere.

Lachisanu lina mkamwini anatitsitsira tonse kubesimenti, kumene galimoto zimagona, kuti tikayeserere ulendo. Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo kuti ulendo amauyeserera ngati nyimbo ya kwaya. Masutikesi opanda kanthu analowa m'bokosi la padenga. Iye ndi mkazi wake anakhala kutsogolo, popeza adzalandizana chiwongolero. Ana atatu pakati, khanda m'kampando kake ka malamba. Kumbuyo kwenikweni kuli timipando tiwiri topinda. Kamodzi anakapinda kuti pakhale chikuku cha mwana ndi bokosi loziziritsa madzi, kachiwiriko kanali kanga.

"Ababa sangakhale kubuti ngati tayala," anatero mwana wanga. "Akhale kutsogolo, ine ndipanikizana ndi ana."

Ndinakana. Miyendo yanga ndi yaifupi, komanso ukakhala kumbuyo umaona mitu ya anthu ako onse osatembenuka. Ndinalowa chokwawa, ndinamanga lamba, ndipo kampandoko kanandikwana ngati anachita kundiyeza. Tinakhala m'menemo galimoto ili chiimire, mnyamata akulira ngati injini ndi milomo yake, mlonda wa ku Nepal akutiyang'ana chapatali kuti kaya anthuwa zawatani.

Chinthu chimodzi chokha mkamwini sanachiike m'mapulani ake, ndicho khalidwe langa. Mwana wanga wamkaziyu anakula ine kulibe. Zifukwa zake ndimakambirana ndi Mulungu wanga, osati ndi pepala. Koma kuchokera pamene ndinabwerera pakhomo, zinthu ziwiri zinandikanirira. Sindichoka pamalo osatsanzika, ndipo munthu akandipempha kanthu, mawu akuti ayi amandimata pakhosi.

Nyengo ikayamba kuzizira, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timakumana pakapinga ku Corniche, m'mphepete mwa nyanja, Lachisanu madzulo. Pamakhala mafulasiki a tiyi, mandasi, ana akuthamangitsana, ndi nyumba zitalizitali za ku West Bay zikuyaka kutsidya kwa madzi. Ine ndimakhala ndi mnzanga wa ku Mangochi, dalaivala wa banja lina la ku Onaiza, dera lina la mu Doha momwemuno. Bawo wake anasema yekha pa thabwa lotayidwa, ndipo m'malo mwa nkhomo timaseweretsa nthanga za tende, zipatso za kanjedza wa kuno. Amabera, koma amabera mwaulemu.

Kutatsala milungu ingapo kuti tinyamuke, ndinaimirira pakati pa anthu, n'kuvula chipewa.

"Abale, kwathu munthu sanyamuka ngati wakuba nkhuku. Ine ndi ana tikupita ku Abu Dhabi pa tchuthichi. Ngati pali amene ndinamulakwira, andikhululukire ndisanalowe m'chipululu."

Anthu anaomba m'manja, ena n'kumandiseka kuti ndikulawira ngati ndikupita ku nkhondo. Amayi ena a ku Chipata, ophika kunyumba ya Mwarabu, amene mawu awo amamveka kuchokera kumapeto a Corniche, anafunsa kuti, "Atate, muyenda na ndeke iti?"

"Si ndege, mayi. Pagalimoto."

Anthu anayang'anana. Ndikanakhala wanzeru, ndikanavala chipewa changa pomwepo n'kuthawa. Kuno tonse timakhala mwamantha ndi sikelo ya pabwalo la ndege. Munthu akamapita kulikonse, makilo ake amakhala atagawidwa kale, ndipo ukamupempha kuti akutengereko sopo mmodzi amakuyang'ana ngati wapempha impso. Tsono nayu nkhalamba ikupita pamsewu.

"Motoka ilibe sikelo," anatero amayi a ku Chipata pang'onopang'ono, ngati akuwerenga vesi.

Madzulo amenewo bawo sanaseweredwe. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, kugwada pambali panga, kundifunsa za miyendo ndi za shuga, kenaka n'kutsitsa mawu. Ndinadabwa kuona kuti aliyense ali ndi msuweni ku Dubai, mlamu ku Sharjah, mwana wa achemwali ku Ajman. Ndikanena kuti ife tikukathera ku Abu Dhabi, ankati, "Mafi mushkila, agogo, palibe vuto, adzabwera okha kuhotelo." Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti katundu. Onse ankati kakatundu, kaphukusi, kanthu kakang'ono kosalemera. Ine ndinkangoti, "Bweretsani."

Anabweretsadi. Ankadziwa nthawi imene eni nyumba ali kuntchito. Belu likalira chakum'mawa, ndinkatsegula n'kupeza munthu akumwetulira atakumbatira chinthu chokulungidwa tepi mpaka kuoneka ngati mutu wa munthu wovulala. Kwathu phukusi la mwini sufunsa kuti muli chiyani. Umalandira ndi manja awiri, n'kukapereka momwe unalandirira. Oyambirira ndinawalowetsa pansi pa bedi. Mutadzaza, ndinayamba kuunjika mu wadiropu kuseri kwa jekete langa la kutchalitchi, kenaka kuseri kwa katani. Mdzukulu wanga wamkulu anandipezerera ndikukankha lina ndi phazi.

"Agogo, adadi akudziwa?"

"Adzadziwa nthawi yake ikakwana."

"Nthawi yake ndi liti?"

Ndinamupatsa maswiti. Anawalandira, koma anapukusa mutu ngati munthu wamkulu.

Pasanapite nthawi, mwana wanga anayamba kuyendayenda m'nyumba mphuno ili m'mwamba. "M'nyumba muno mwafa chiyani?" Ine ndinanamizira sitolo ya zipatso ya pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa mwana wobadwira ku Malawi sangasokoneze fungo la matemba ndi la mavwende.

Chimene chinandiulula sindikanatha kuchilowetsa pansi pa bedi. Linali tsiku limene mwana wanga anali pakhomo, akupuma atachoka ku shifiti. Belu linalira, ndipo anatsegula ndi iye. Pakhomo panali mnzanga wa ku Mangochi, thukuta lili kamukamu, atatsamira makina osokera. Anali makina akale akuda aja, opalasa ndi phazi, ndi miyendo yake yachitsulo ndi tebulo lake lomwe.

"Salaam aleikum, mama. Achimwene alipo? Ndabwera nako kakatundu kaja."

Anafotokoza nkhope ikuwala. Abwana ake aakazi ankachotsa zinthu zakale m'nyumba, ndipo makinawo anamupatsa ulere. Mwana wake wamkazi anakwatiwa ku Abu Dhabi. Utelala anaphunzira kwawo, koma kumeneko amangokhala m'kachipinda tsiku lonse kudikira mwamuna. "Akangowaona makinawa, wallahi, alira," anatero akusisita chitsulocho.

Mwana wanga anamulandira bwino, anamupatsa madzi ozizira, anamufunsa za kumudzi, anamuperekeza mpaka palifiti. Atabwerera anatseka chitseko mofatsa.

"Ababa, tsegulani kuchipinda kwanu."

Mkamwini atabwera kuntchito, katundu yense anatsikira kubesimenti. Ana ankanyamula akuimba, kwa iwo chinali chisangalalo. Muluwo unafika m'chiuno mwanga, makina ataima pambali ngati mwini wake wa zonse. Mkamwini anavula wotchi, anayamba kulonga, kutsitsa, kulonganso, kutembenuza makinawo uku ndi uku. Pomaliza anapinda kampando kanga, ndipo zonse zinalowa bwinobwino, chitseko n'kutsekeka. Anakadzutsanso, ndipo theka la katundu linatsala pansi.

Mkamwini wanga analeredwa mwa kale, nkhani yovuta sandiuza m'maso. Anatembenukira kwa mkazi wake, ine ndili chiimire pomwepo.

"Amake mwana, auzeni bambo kuti galimotoyi itenga chimodzi, katunduyu kapena mpando."

"Amva."

"Muwauzenso kuti ine sindidutsa boda ya Saudi ndi chinthu chimene sindinachione m'kati. Akandifunsa kuti umu muli chiyani, ndiyankha kuti chiyani? Kuti ndi za amayi a ku Chipata?"

Ndinati kutsegula phukusi la mwini kuli ngati kusuzumira kuchipinda kwa apongozi. Iye anauza mkazi wake kuti andiuze kuti kundende kulibe apongozi. Apo ndinaona kuti ndagwidwa. Anthu ndinawalonjeza ndi pakamwa panga, nditavula chipewa. Ndiye ndinapeza njira imene inaoneka yaulemu kwa onse.

"Pindani mpandowo. Ine nditsala, ndizisunga nyumba. Zozungulirazungulirazo si za msinkhu wanga, ndikangokuchedwetsani."

Mwana wanga anaika khanda m'manja mwa bambo ake, n'kubwera kudzaima pafupi nane. Sanakweze mawu.

"Ababa, ine ndayenda maulendo ambiri opanda inu. Uwu ayi."

Ndinayang'ana pansi. Pa simenti panali dontho la oyilo, ndipo ndinaliyang'anitsitsa ngati muli nkhani.

"Amene ali ndi phukusi pano," anapitiriza, "abwere Lachisanu akachoka ku mapemphero, adzatsegule yekha ndi manja ake. Inu simukhudza, bambo awa sakhudza. Muwaimbire ndinu."

Ndinawaimbira, ndikuyamba ndi kupepesa kwakutali. Ndinkaganiza kuti akwiya, koma Lachisanu masana besimenti inadzaza ngati pali chinkhoswe. Ena anabwera ndi azinzawo odzangoonerera. Mwana wanga anayala chitenje pansi, anaikapo sizasi, mkamwini n'kukhala pampando wapulasitiki manja atapinda ngati woweruza.

Anayamba ndi amayi a ku Chipata. Anadula tepi, n'kudulanso tepi ina pansi pake, n'kuchotsa katoni, n'kuchotsa nyuzipepala. Pakati penipeni panatuluka jumbo ya timiyala totuwa.

"Ichi n'chiyani, mayi?" anafunsa mkamwini.

"Ni dothi chabe, apongozi. Mwana wa mukulu wanga ali na pakati, alilakalaka maningi. La kuno silimveka bwino mukamwa."

"Ndiye ine ndikawauze asilikali a pa boda, m'Chiarabu, kuti ndanyamula dothi lakudya?"

"Muzakamba kuti ni la maluwa."

"Maluwa ake ali kuti?"

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anakuwa kuti dziko lonseli ndi mchenga wokhawokha, koma amayiwa aitanitsa dothi pandege kuchokera ku Chipata. Iwo sanagonje msanga, anatitukwana tonse mwachikondi, koma dothilo linabwerera m'chikwama chawo. Chitenje ndi nsapato za khanda lodzabadwalo zinaloledwa.

Zinapitirira choncho. Soda wa therere, woyera mbee m'kajumbo kopanda dzina, mkamwini anangomuyang'ana, mwini wake n'kumubweza yekha osauzidwa. Matemba mwana wanga anawagamula kuti sakwera galimoto imodzi ndi khanda tsiku lonse, ndipo anagulidwa pomwepo ndi anthu a ku Doha konkuno. Mnyamata wina wogwira ntchito kuhotelo anatsegula lake monyinyirika, mukutuluka nsapato zazitali zofiira ndi botolo la perefyumu.

"Za asisi anga," anatero.

"Asisi ako a ku Dubai aja amavala saizi imeneyi?" anafunsa amayi a ku Chipata. "Si paja unakamba kuti ni ba dikoni?"

Bambo wina wachikulire, wa ulemu wake, atafika pa kaphukusi kake kakang'ono anakatola, anakayeza m'manja, n'kukalowetsa m'thumba la mkanjo. "Aka kadzapita ulendo wina, inshallah." Palibe anafunsa kanthu, koma amuna onse anayamba kutsokomola.

Chimene ndinaona tsiku limenelo n'chakuti theka la katundu wa Amalawi ndi tepi ndi makatoni. Zitachotsedwa zimenezo, zotsalazo zinali zochepa: zitenje, nsinjiro, tiyi wa kwathu, mpunga wa ku Karonga, malaya a ana. Mkamwini anayamba kusangalala nayo ntchitoyo. Ankalowetsa zinthu pansi pa mipando, m'matumba a zitseko, m'mbali mwa tayala lapadera, ndipo malo alionse akapezeka anthu ankaomba m'manja. Mpunga anauika pamene padzaponde mapazi anga. Kampando kanga kanali chiimire.

Kenaka panatsala makina okha.

Mnzanga wa ku Mangochi anali ataima pambali pake nthawi yonseyi, dzanja lili patebulo lake. Analibe chotsegula, makina ake sanabise kanthu kwa munthu. Mkamwini anayesa nzeru, anati mwina timasule mutu wokha, miyendo idzatsatire. Mnzanga anati makina opalasa opanda miyendo ndi chitsulo chabe, mwana wake azidzangochiyang'ana. Anayesanso padenga, koma bokosi la masutikesi linali litatenga malo onse. Panalibe njira ina. Makinawo akanapita atakhala pa mpando wanga.

Mkamwini anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake anayang'ana ine.

Ndinayamba kutali. Ndinanena za ubale wathu, za mmene mnzangayu anandilandirira nditangofika m'dziko lino ndisakudziwa ndi kokwerera basi komwe. Ndinanena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ndinanena za kutentha kwa m'chipululu, kuti kaya chitsulo chimapirira bwanji.

"Achimwene," anandidula, "dzuwa likulowa. Nenani."

Mdzukulu wanga wamkulu anali atandigwira chala, sindikudziwa kuti anabwera nthawi yanji.

"Makinawa sapita, achimwene. Mpandowu ndi wanga. Ndikupita ndi ana anga."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana makina ake. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti yatha. Anapempha amuna awiri kuti amuthandize kukweza makinawo m'galimoto ya abwana ake, ndipo anatuluka m'besimentimo osatsanzika munthu.

Lachisanu lotsatira ku Corniche anabwera, koma bawo anamusiya kunyumba. Anandipatsa moni wa dzanja limodzi n'kukakhala ndi anthu ena. Ine ndinamwa tiyi wosamva kukoma. M'masiku otsalawo nyumba inali pa chipwirikiti cha ulendo: kuchapa, kusita, kukazinga nkhuku ya kamba, mnyamata kulongedza zidole zimene amayi ake ankatulutsanso. Ndinkathandiza zimene ndingathe, koma mtima unali ku Onaiza. Kangapo ndinatenga foni kuti ndimuimbire, n'kuibwezanso m'thumba, poopa kuti ndikangomva mawu ake ndinena kuti bweretsani.

Tinanyamuka m'mawa kunja kukuzizira bwino. Ndinakwawira kumalo kwanga, mapazi pa mpunga wa ku Karonga, chikuku cha mwana chikundigunda paphewa. Mkamwini anapemphera mwachidule, analiza injini, ndipo mlonda wa ku Nepal anatibayibitsa, ataona kuti ulendo uno galimoto ikuyendadi. Tinadutsa masitolo a ku Al Nasr asanatsegule, tinalowa msewu wa ku Salwa, nyumba zinayamba kuchepa mpaka kunatsala mchenga ndi mapolo a magetsi. Mnyamata anaona ngamila yoyamba n'kukuwa mpaka kudzutsa khanda.

Tili pakati pa njira ya ku boda, foni yanga inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mnzanga. Ndinafuna kuumvera pakhutu, koma mdzukulu wanga anatembenuka, anandilanda foni, n'kuukweza kuti galimoto yonse imve.

"Achimwene, salaam. Ndamva kuti mwanyamuka. Makina aja apita pa lole ya katundu mwezi wamawa, abwana andithandiza. Koma musaganize kuti mlandu wanu watha. Mwana wanga akukudikirani, waphika kale m'maganizo. Mukapite kwake, mukadye, mukamuuze nokha kuti munaona kuti ndinu ofunika kuposa makina. Ndipo wakonza kaphukusi kakang'ono koti munditengere pobwera. Yalla, muyende bwino. Bawo akukudikirani, ndipo ndikudyani."

Ana anaseka osadziwa bwino chimene akuseka. Mwana wanga anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mkamwini anayendetsa kamtunda ndithu, kenaka anandiyang'ana pagalasi.

"Bambo, ku Mangochi akati kakang'ono, amatanthauza chinthu chachikulu bwanji?"

"Zimatengera chikondi," ndinayankha.

"Ndiye tapsa."

Pa boda panali mzere wa galimoto, ambiri mabanja ngati ife, ana atakanikiza mphuno pamawindo. Itafika nthawi yathu, msilikali wachinyamata anatenga mapasipoti, anatsegulitsa kumbuyo, n'kuyamba kuloza zinthu. Mkamwini ankayankha chilichonse mosadodoma, ichi ndi nsalu, uyu ndi tiyi, izi ndi nsapato. Pa nsapato zofiira zija msilikaliyo anakweza nsidze, n'kuzibweza. Kenaka anawerenga mapasipoti, anasuzumira m'galimoto, anawerenga mitu, n'kuwerenganso mapasipoti. Imodzi inali yotsala m'manja mwake. Anaitsegula, anayang'ana chithunzi cha nkhalamba ya imvi, n'kufunsa m'Chingerezi kuti munthu ameneyu ali kuti.

Chikuku cha mwana chinali chitandiphimba. Ndinachikankhira pambali, n'kukweza dzanja.

Msilikaliyo anaseka, anagwira pamtima, n'kunena kuti, "Baba!" Anatibwezera mapasipoti onse, ndipo chitsulo chotchinga msewu chinakwera.